Moto Umene Anangolo Anapala

Pa chipatala chachikulu cha m'tauniyo panalibe munthu wodziwa kutalika kwa makonde kuposa Anangolo. Kwa zaka makumi atatu ndi chimodzi anakankha ngolo yachitsulo kuchokera kosungira katundu kupita ku mawodi, kuchoka ku mawodi kupita kochapira, ndi kuchoka kochapirako kubwereranso kosungira katundu. Dzina lawo lenileni linalembedwa pa kapepala kolendewera pachifuwa, koma zilembo zake zinafufutika kalekale, moti ngakhale madokotala ankangoti Anangolo, ngati kuti ngoloyo inali chiwongo cha kwawo. Iwo sanadandaulepo. Ankati dzina limene anthu akupatsa uli pomwepo ndi labwino kuposa limene amakupatsa ukatembenuka.

Anali mayi wamfupi, wamapewa otambalala, wa mawondo otupa ngati mapapaya. Ankafika pantchito isanakwane 7 koloko, n'kuvala yunifolomu yobiriwira imene inayera m'zigongono, kenako n'kuyamba ulendo woyamba: nsalu zoyera ku wodi ya abambo, thonje ndi magulovu ku wodi ya amayi oyembekezera, mabotolo a diripi ku wodi ya ana. Pofika masana miyendo inkakhala italemera, ndipo pokwera kamtunda ka pakati pa nyumba yakale ndi yatsopano ankapuma kawiri, atatsamira chogwirira cha ngolo. Kunali kutatsala miyezi isanu ndi inayi kuti apume pantchito. Miyeziyo sankaiwerenga mokweza, poopa kuti ingamve n'kutalika.

Malamulo a chipatalacho ankati katundu aliyense wochoka kosungira ayenera kutsagana ndi pepala losainidwa ndi anthu atatu. Lamuloli linali labwino, kungoti anthu atatuwo sankapezeka pa tsiku limodzi. Wina ankakhala ku msonkhano, wina ku maphunziro, wachitatu atapita kukafuna awiri enawo. Choncho wodi ikatha thonje kapena majakisoni dzuwa lili paliwombo, namwino ankasuzumira pakhomo, n'kunena motsitsa mawu kuti, “Anangolo, katipalireniko moto.” Anangolo ankapita ku wodi yoyandikana nayo, kumene namwino wina ankawapatsa chosowacho, iwo n'kuchiika pansi pa nsalu za m'ngolo ndi kukachitula kumene chikufunika. Palibe ankalemba. Wodi yobwerekayo ikadzalandira katundu wake inkabweza, ndipo ikaiwala panalibe wokumbutsa, popeza mawa lake inali wodi ina yodzapala.

Mchitidwewu sanauyambitse ndi iwo. Anaupeza, ndipo anawaphunzitsa ndi bambo wina wonyamula odwala pa machira, amene anamwalira kalekale. Koma pa ntchito zawo zonse, imeneyi ndi imene ankainyadira. Kukankha nsalu angathe aliyense. Kudziwa wodi imene ili ndi zambiri, namwino amene ali ndi dzanja lopatsa, ndi ola limene woumira wapita kukadya, zimenezo zinkafuna zaka.

Ku wodi ya ana kunali namwino wachitsikana amene Anangolo ankamuyang'ana mosiyana ndi ena onse. Anali mwana wa malemu mng'ono wawo. Anamutenga ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi, tsiku lotsatira maliro, atanyamula kachikwama ka pulasitiki ndi nsapato imodzi, ndipo anamulera m'nyumba yawo ya zipinda ziwiri kufikira anamaliza maphunziro a unamwino. Kunyumba onse ankamutcha Anesi, kutanthauza a namwino, poyamba mwachipongwe, kenako mwaulemu. Anali asanathe chaka pantchito, ndipo kalata yomutsimikizira kuti walembedwa mokhazikika inali isanatuluke. Pa khonde akakumana, mtsikanayo ankangoti “Mwaswera, mayi,” mofulumira, maso ali pa mafayilo. Anangolo ankayankha mwachidule kuti asamuchititse manyazi, koma ngolo inkapepuka kufikira kumapeto kwa khonde.

Vuto linayambira ku wodi ya abambo, m'nyengo yotentha. Odwala amene mabala awo a opaleshoni anali kupola bwino anayamba kunjenjemera mwadzidzidzi, mano kugundana, thupi kutentha ngati mbaula. Anali atatu, kenako asanu ndi awiri, kenako khumi ndi mmodzi. Awiri anamwalira. A ku labu atapima magazi anapeza kuti onsewo ali ndi tizilombo ta mtundu umodzi, tosamva mankhwala amene madokotala amayambira kupereka. Monga zimakhalira, chala choyamba chinaloza pansi. Okolopa anauzidwa kukolopa katatu pa tsiku, ochapa kuchapa kawiri, ndipo Anangolo analamulidwa kutsuka ngolo yawo ndi mankhwala onunkha potuluka m'wodi iliyonse, mpaka zala zawo zinang'aluka. Odwala anapitirira kunjenjemera.

Kenako kunabwera mayi wina wochokera ku likulu, wowonda, wa magalasi, amene onse anangomutcha Wofufuza. Sankakalipa. Ankakhala pa mpando m'wodi n'kumayang'ana manja a anamwino, ola lathunthu. Pa tsiku lachinayi anazindikira kuti wodwala aliyense ankayamba kunjenjemera pakangopita kanthawi namwino atamutsuka kapaipi ka padzanja, kamene diripi imalowera mu mtsempha. Potsuka kapaipiko ankagwiritsa ntchito timabotolo ting'onoting'ono ta madzi amchere, totsekedwa kuchokera ku fakitale. Atatipima, anapeza tizilomboto m'kati mwa timabotolo tosatsegula. Sitinali timabotolo tonse ayi, koma ta gulu limodzi lokha, timene tinabwera m'makatoni a mzere wabuluu, ndipo nambala yake yaing'ono ya pansi inkathera ndi 47.

Lolemba m'mawa ogwira ntchito onse anaitanidwa m'chipinda chodyera. Mkulu wa anamwino, mayi wamtali amene ankalankhula ngati akuwerenga kalata, analengeza kuti gwero la matenda lapezeka, ndipo kuti malinga ndi mapepala, makatoni a mzere wabuluu anapita ku wodi ya abambo ndi ku chipinda cha opaleshoni basi. Otsala onse anali atachotsedwa kale. Anawonjeza kuti ku wodi ya ana kuli ana anayi otentha thupi, koma popeza wodiyo sinalandirepo makatoni amenewo, nkhani yawo ndi ina. Madokotala ankaganiza kuti ndi uve wobwera ndi odikirira odwala. Choncho amayi a ana onse anatulutsidwa m'wodi, magazi a ana atumizidwa ku labu, ndipo zotsatira zidzatuluka Lachisanu. Pomaliza anachenjeza kuti aliyense wopezeka atasuntha katundu popanda pepala adzayankha mlandu.

Okolopa anapumira m'mwamba, ena mpaka kuseka. Anangolo sanaseke. Anali ataimirira kumbuyo, pafupi ndi chitseko, ndipo mawu akuti mzere wabuluu anawakumbutsa tsiku lina. Masabata atatu apitawo, Lachitatu masana, Anesi anasuzumira pakhomo la wodi ya ana n'kuwapempha moto. Iwo anapita ku wodi ya abambo, kumene kunali makatoni ounjikana mpaka pawindo, natenga awiri. Ankakumbukira bwino mzerewo chifukwa anaukonda, unali wowala kuposa wa makatoni akale. Anesi anakhuthulira timabotoloto m'dirowa, pamodzi ndi tina timene tinatsalamo, ndipo makatoni opanda kanthu anapita kotentha zinyalala. Sabata yotsatira Anangolo anapalanso theka la katoni kupita ku wodi ya amayi oyembekezera.

Pa nthawi ya chakudya chamasana anamupeza mtsikanayo kuseri kwa nyumba yochapira, atakhala pa chidebe chovundikira, chakudya chili pamiyendo chosakhudzidwa. Sanafunikire kufotokoza. Anesi anayamba yekha, mofulumira, osawayang'ana: anati anazindikira dzulo, atangomva mphekesera za nambala ija, ndipo anasanthula dirowa yonse n'kuchotsa timabotolo tisanu ndi tinayi timene tinatsala. Tinali m'chikwama chake. Panalibenso mwana amene akanabayidwa nato.

“Nanga amene anabayidwa kale?” anafunsa Anangolo.

“Labu inena Lachisanu, mayi.”

“Lero ndi Lolemba.”

“Ndikudziwa masiku a pa sabata.”

“Mankhwala amene akulandira panopa akugwira?”

Mtsikanayo anatseka kabokosi ka chakudya, n'kukatsegulanso. Anati mankhwalawo sakanagwira pa tizilombo timeneto, koma mwina anawo ali ndi matenda ena, ndani akudziwa, ana amatentha thupi tsiku lililonse. Anati kalata yake ili pa tebulo la mkulu wa anamwino, yangotsala kusainidwa. Anati pa chipatala chonse palibe namwino amene sanapalepo moto, ngakhale mkulu yemweyo asanakwezedwe, koma akafuna woti amupereke nsembe sadzatenga wa zaka makumi awiri pantchito, adzatenga iye.

“Munandiphunzitsa ndi mawondo amenewa,” anatero, akuloza ndi chibwano. “Mukufuna ndibwerere kunyumba ndikakhale nanu pakhonde? Masiku anayi okha, mayi. Ndikupempha.”

Anangolo anayang'ana nsalu zoyanikidwa pa zingwe, mizere isanu ndi umodzi, zosagwedezeka chifukwa kunalibe mphepo. Kenako anadzuka, dzanja lili pa bondo, n'kubwerera ku ngolo yawo.

Madzulo kunyumba anaviika mapazi m'beseni la madzi ofunda, nawafotokozera amuna awo. Bamboyo anali telala amene maso anamuthera, ndipo tsiku lonse ankakhala pa mpando pafupi ndi makina osokera ophimbidwa ndi nsalu, kumvetsera wailesi. Anamva nkhani yonse osadula. Atamaliza, anati iye pa zaka zonse za utelala anaphunzira chinthu chimodzi, chakuti ukadula nsalu ya mwini molakwika, ukhoza kuibisa pansi pa tebulo, koma tsiku la ukwati silisuntha. Anangolo anawauza kuti sanabwere kudzamva za masuti. Bamboyo anavomera, nati pakamwa ndi pawo, sangawauze chonena, kungoti mwanayo ndi wa onse awiri. Anesi anafika dzuwa litalowa, anapereka moni ali chiimire, n'kulowa kuchipinda osadya.

Lachiwiri m'mawa, pa khonde la kunja kwa wodi ya ana panali amayi khumi ndi awiri atakhala pansi motsamira khoma, mitolo yawo ili pambali. Anangolo ankafuna kudutsa mofulumira, koma mayi wina wachitsikana, wovala siketi yofiira, anagwira m'mphepete mwa ngolo. Anapempha kuti amutengereko kansalu kwa mwana wake, bedi lachitatu kuchokera pakhomo, chifukwa sagona popanda kansaluko.

“Mungomuonako, amayi, ngati akupuma bwino. Atiuza kuti ndife tawabweretsera uve.” Anatambasula manja ake onse awiri. Khungu la pakati pa zala linali litasupuka. “Ndasamba mpaka apa. Muwauze kuti ndasamba.”

Mwanayo anali wa miyezi khumi. Anagona chagada, maso otseguka theka, kadzanja kake katamangidwa pa kathabwa ndi pulasitala kuti kapaipi kasatuluke. Sankalira. Kathupi konse kankangonjenjemera pang'onopang'ono, ngati galimoto yoima injini ili yoyaka. Anangolo anaika kansalu pafupi ndi tsaya lake. Anesi anali ku bedi la kumapeto, atawafulatira, akulemba pa fayilo, ndipo sanatembenuke.

Wofufuza ankagwirira ntchito m'kachipinda koyandikana ndi kosungira katundu. Wamakiyi, bambo wonenepa woyang'anira katunduyo, amene anakalamba limodzi ndi Anangolo pa chipatalacho, anawaona ataimika ngolo pakhomo lolakwika, ndipo anazindikira.

“Achemwali, khomo lanu ndi ili,” anatero. “Kumeneko amalowa ndi ntchito n'kutuluka ndi kalata.”

“Ndikudziwa, achimwene.”

“Miyezi isanu ndi inayi. Mayi woyembekezera amapirira imeneyo, inu yakukanikani?”

“Woyembekezera amadziwa chimene wanyamula,” anayankha Anangolo, nagogoda.

Wofufuza anawapatsa mpando, chinthu chimene chinawasokoneza, chifukwa m'maofesi a chipatalacho anali asanakhalepo pansi. Anakhala m'mphepete mwake, nanena kuti anapala moto ku wodi ya abambo kupita nawo ku wodi ya ana. Mayiyo anavula magalasi, nafunsa mwaulemu ngati kunali ngozi ya moto imene iye sanauzidwe. Zinatenga kanthawi kuti amvane. Anangolo anafotokoza za anthu atatu osaina, za wodi yotha thonje masana, za nsalu zophimbira m'ngolo. Anatchula tsiku, ola, makatoni awiri, ndi theka lija la kwa amayi oyembekezera. Wofufuza ankalemba mofulumira, ndipo nkhope yake inkasintha pang'onopang'ono. Atafunsa amene anawatuma, Anangolo anati anapala okha, ataona kuti dirowa yatha. Mayiyo anawayang'ana kwa kanthawi, koma sanaumirize. Anaitanitsa mkulu wa anamwino ndi dokotala wa ana, ndipo anayiwo anayenda limodzi kupita ku wodi, Anangolo ali patsogolo, manja ali lende chifukwa analibe chokankha.

Dirowa inatsegulidwa. Wofufuza anatulutsa timabotolo tonse n'kutindandalika pa tebulo, akuwerenga nambala ya kalikonse moyang'anitsa ku kuwala kwa pawindo. Tinalipo makumi atatu ndi tiwiri. Panalibe ngakhale kamodzi kothera ndi 47.

Dokotala wa ana, bambo wotopa amene anali asanamete ndevu kwa masiku angapo, anapukusa mutu. Sanalankhule mwaukali. Anati mankhwala a tizilombo timeneto ndi amphamvu, amatha kuwononga impso za mwana, ndiponso alipo ochepa. Sangawapereke kwa makanda chifukwa cha mtundu wa mzere umene munthu akuukumbukira. Makatoni amafanana, masabata atatu ndi ambiri, ndipo mayi ndi wachikulire. Ngati palibe botolo, adikira labu. Mkulu wa anamwino ankayang'ana pansi. Iye ndi amene kale, ali namwino wa ku wodi ya maso, ankakonda kunena kuti Anangolo ndi amene amayendetsa chipatala, madokotala amangokwera. Tsopano anangopitiriza kuyang'ana nsapato zake.

Anangolo anali ataganiza kuti mlanduwo ungathe kunyamulidwa ndi munthu mmodzi, ngati mtolo wa nsalu. Anaimirira pakati pa wodi, akumva kulira kwa fani ya kudenga, nazindikira kuti mawu awo okha sakulemera kanthu. Anesi anali ataima pafupi ndi sinki, manja ali m'matumba a yunifolomu, nkhope itauma. Anangolo anamuyang'ana, kumupatsa nthawi. Anawerenga mumtima mpaka khumi, monga ankachitira akamudikira kuti aulule yekha za kapu yosweka. Mtsikanayo ankayang'ana khoma.

“Mwanawe,” anatero, osakweza mawu. “Katenge chikwama chako.”

Palibe anasuntha. Wofufuza anayang'ana uku ndi uku, osadziwa kuti mayi wokankha ngoloyo akulankhula ndi ndani motero.

“Katenge, mwana wanga. Ndatopa kuimirira.”

Anesi anatuluka. Anabwerera ndi kajumbo kakuda kamene kanali m'chikwama chake, nakaika pa tebulo, ndipo timabotolo tisanu ndi tinayi tinagubuduka. Wofufuza anatola kamodzi, nawerenga, n'kukapereka kwa dokotala. Dokotalayo anawerenganso, nayamba kulamula mofulumira: timapaipi tonse tichotsedwe, mankhwala asinthidwe, aliyense amene anatsukidwa kapaipi m'masabata atatu apitawa alembedwe dzina, ngakhale amene anatuluka kale. Wina anathamangira ku wodi ya amayi oyembekezera, kumene anapeza timabotolo tina khumi ndi tiwiri m'kabati, kumbuyo kwa magulovu. Dzuwa lisanapendeke amayi a pakhonde analoledwa kulowa. Palibe anawapepesa.

Mwa ana anayiwo, atatu anachira, kuphatikizapo wa pa bedi lachitatu. Wachinayi, kamtsikana kobadwa masiku asanakwane, kanamwalira Lachitatu. Dokotala anati mwina sikakanapulumuka ngakhale mankhwala akanasinthidwa Lamlungu. Anangolo anamva mawu akuti mwinawo, nawanyamula. Lachisanu zotsatira za labu zinatuluka, n'kunena zimene aliyense ankazidziwa kale.

Makalata anabwera patapita masabata awiri. Fakitale imene inapanga timabotolo inali kutali, kutsidya kwa nyanja zikuluzikulu, ndipo inatumiza chidziwitso cha masamba awiri chopempha kuti katundu wa gulu limenelo abwezedwe. Anangolo anapatsidwa chenjezo lolembedwa, nachotsedwa pa ngolo n'kuikidwa kochapira, kumene ankapinda nsalu ataimirira pamalo amodzi kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Mawondo anatupa kuposa kale. Pa khoma la wodi iliyonse anamatapo pepala loletsa kubwerekana katundu, ndipo anthu osaina anachepetsedwa kukhala awiri. Wamakiyi anati ndi chitukuko chachikulu, tsopano osowa ndi awiri okha.

Mlandu wa Anesi unali wolemera, osati chifukwa cha moto umene anapempha, koma chifukwa cha kajumbo kakuda. Sanachotsedwe ntchito. Wofufuza analemba kuti mtsikanayo anachotsa timabotolo m'dirowa asanauzidwe ndi aliyense, ndipo zimenezo zinamuthandiza. Koma kalata yake yokhazikika inaimitsidwa kwa chaka china, ndipo anasamutsidwira ku kachipatala kakang'ono ka kumalire, ulendo wa tsiku lathunthu pa basi. Masabata onse odikira ulendowo anakhala m'nyumba imodzi ndi Anangolo osawalankhula kupatula moni. Ankaphika, kuchapa, kuwerengera bambo ake nyuzipepala, ndipo Anangolo akalowa m'chipinda iye ankakumbukira kanthu kena panja.

Tsiku la ulendo linali Loweruka. Anesi anatsazika bambo ake, nati palibe chifukwa chomuperekezera, katundu ndi wochepa. Anangolo anamusiya apite, kenako anavala nsapato n'kutsatira. Anafika ku depoti basi itadzaza theka, ogulitsa akuzungulira ndi madengu pamutu. Anamupeza atakhala kuwindo, chikwama chili pamiyendo. Anagogoda galasi ndi chala. Mtsikanayo anazengereza, kenako analikankha.

“Mwayenda wapansi ndi miyendo imeneyo?”

“Ndakwera njinga mpaka pa mphambano.”

Kondakitala ankaitana anthu, akumenya m'mbali mwa basi ndi chikhatho.

“Mukanandisiya ndinene ndekha, mayi,” anatero Anesi, akuyang'ana mpando wa kutsogolo kwake. “Osati pamaso pa anthu, ngati kamwana koba shuga.”

“Ukananena liti?”

Mtsikanayo anapukuta mphuno ndi kuseri kwa dzanja.

“Sindikudziwa,” anatero.

“Inenso sindinkadziwa.”

Anangolo anafuna kuwonjezera kuti motowo anapala ndi iwo, kuti kamtsikana kaja amakaona akamapinda timansalu ta ana, kuti sakanachita mwina. Koma zonsezo zinali zoti mtsikanayo akuzidziwa, ndipo kuzinena kukanakhala kumupempha kuti awatonthoze. Anangofunsa ngati watenga juzi, popeza amati kumeneko kumazizira. Anesi anati watenga. Anafunsa ngati adzabwera pa tchuthi. Anesi anati aona mmene ntchito ikhalire.

Injini inalira. Mtsikanayo anagwira galasi kuti alitseke, koma analekeza pakati.

“Muziwadonthezera bambo mankhwala a m'maso kawiri, osati kamodzi. Amanama kuti adontheza kale.”

“Chabwino.”

Basi inatuluka pang'onopang'ono, ikupewa maenje, ndipo Anesi sanayang'ane m'mbuyo. Anangolo anaimirira kufikira inakhota. Kenako anafunafuna pokhala, napeza mwala wa simenti pafupi ndi mpanda, nakhalapo, atatambasula miyendo. Wanjinga wina anawafunsa ngati akupita. Anamuuza kuti apita, koma ayambe apuma kaye.